Kabotolo ka Jekeseni

Achimwene anga ankaliza gitala ya magetsi m'bandi ya roko ku Blantyre, nyimbo zaphokoso zimene mayi athu, munthu wa Sabata, ankati zingagonthetse ndi angelo omwe. Bandi itatha, anabwerera kuno ku esiteti n'kulowa ntchito m'fakitale ya tiyi. Chaka chisanathe, makina opera masamba anawadula zala ziwiri za dzanja lamanzere. Amene ndinawamanga mabandeji ndine, poti ndinali namwino pakachipatala ka pa esitetipo.

Bala linapola, koma mwiniwake ayi. Gitala yawo ya bokosi anaipachika kukhoma, n'kumangokhala pakhonde maso ali kuminda ya tiyi. Zinkandimvetsa chisoni, komanso zinkandikwiyitsa, ndipo ine pakamwa sindisunga mawu.

"Achimwene, makina aja anadula zala kapena mutu?"

"Achemwali, mawaya amafuna zala zinayi. Ndisiyeni."

Lamlungu lina ndikuchapa yunifolomu, ndinapeza m'thumba kabotolo ka mankhwala a jekeseni kopanda kanthu. Ndinakaponya pamkeka. Iwo anakatola n'kumakaseweretsa, mpaka kanalowa pa chimodzi mwa zala zodukazo, gwa!

"Eee, chala chamera!" ndinatero ndikuseka.

Iwo sanaseke. Anatsitsa gitala ija, fumbi lili mbuu, n'kuyamba kutsetsereza galasilo pamawaya. Mayo ine! Gitala inalira ngati munthu. Anandiuza kuti kaimbidwe kameneka ndi bulusi, ka anthu akuda a ku Amereka, ndipo anakamvapo pakaseti. Ine ndinati bodza, umu ndi mmene amalirira azakhali athu pamaliro. Mawu anaikamo awoawo, ena m'Chilomwe: za chiperoni cholowa m'mafupa, za dengu kumsana, za kapitawo wosayankha moni.

Anayamba kumaimba okha pamsika wa Masambanjati, popanda ng'oma, popanda magetsi. Amayi othyola tiyi ankaima n'kuunjikana, ena akupukuta misozi, ena akuseka kuti kapitawo akunenedwayo ndi wawo. Ine ndinkasangalala, koma mantha sanandichoke, oti tsiku lina adzagwanso mphwayi.

Ndiye tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinawapeza pakhonde ali duu, gitala ili pambali, magalasi osweka ali pansi.

"Achimwene, mwasiyanso?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Kusiya chiyani? Kabotolo kangondipulumuka basi. Loweruka dzuwa likalowa anthu akundidikira ku Kapichi kuti ndikaimbe. Mawa mubwere ndi timabotolo tiwiri, achemwali. Chala chinachi nachonso chikufuna ntchito."