Amondi a Asekuru

Ndinali ndi zaka khumi pamene azakhali, omwe ankachita malonda a ku Joni, anatibweretsera kapaketi ka amondi, mtundu wa mtedza wakunja, ku Zengeza 4, kufupi ndi Harare, komwe tinkachita lendi. Anali odulidwa kale, oyera, opyapyala ngati zikhadabo za mwana. Amayi anakatembenuza kawiri nanena kuti zimenezi si za anthu ngati ife. Anati mawa lake akakapereka kwa mayi wina wophika makeke aukwati ku Unit L.

Asekuru, bambo awo a amayi, anali atakhala padzuwa pakhomo, miyendo itatupa. Anachoka ku Malawi ali mnyamata, nakalamba akuphikira mabwana m'nyumba za ku Harare. Anandikodola kuti ndiwasonyeze kapaketiko. Atakanunkhiza anandiuza kuti moyo wawo wonse anakazinga tinthu timeneti m'batala n'kuwaza pa nsomba ya bwana, koma sanalaweko n'kamodzi komwe. Zotsala m'mbale zinkapita kwa galu iwo akuona.

"Mwanangu, aka sikatuluka pakhomo pano," anatero kwa amayi.

Amayi anadandaula mu Chishona, monga ankachitira akapsa mtima, kuti anthu atiseka, ochita lendi kudya za mabwana. Kenako anagonja, nandituma kukatenga mtondo kuti ndisinje, titendere nkhwani. Ndinali nditakweza kale munsi pamene asekuru anandigwira mkono. Amondi sasinja, anatero, si mtedza wa ku Mchinji.

Anaimirira okha, koyamba m'masabata ambiri. Batala tinalibe, choncho anathira majarini pang'ono m'chiwaya. Anandiphunzitsa kusachotsa maso, pakuti akangofiira m'mbali ndiye kuti apsa, ukacheuka anyeka. Fungo lake linatuluka mpaka panja. Mkazi wa eni nyumba anasuzumira pazenera n'kufunsa moseka ngati Amalawi ayamba kudya ngati azungu.

"Amayi, mtengo wa amondiwu adaulenga ndi Mulungu," asekuru anayankha osacheuka. "Ndafufuza, sindinapezepo dzina la munthu."

Anawaza amondiwo pa matemba ndi pa nkhwani, natipempha kuti titseke maso. Anathokoza Iye amene anaphukitsa ndodo youma ya wansembe wa m'Malemba n'kuibalitsa zipatso zomwezi. Kenako anatafuna pang'onopang'ono ndi mano awo ochepawo, ife tonse tikuwayang'ana pakamwa.

"Kodi n'zimenezi basi? Nsinjiro n'zokoma kuposa izi," anatero asekuru.

Amayi anaseka mpaka misozi. Koma asekuru sanasiye kanthu. Anatola kachidutswa kalikonse ndi chala, ndipo ena anandiikira m'manja.

Anamwalira mvula isanagwe. Lero ndikudziwa kuti sankafuna kukoma kwake. Ankafuna kuti ine ndione munthu akukhala pa tebulo limene Ambuye amukonzera, osapepesa kwa aliyense. Ndimawagulabe amondi pa Khirisimasi, ndi kuwaza pa matemba. Ana anga amati mtedza ndi wabwino kuposa amenewa. Ndimawavomereza, n'kuwauza kuti amalize.