Mthunzi kumbuyo kwa mkwatibwi

Ukwati wa ku Magodi uja ndinaujambula ndi kamera yanga yadijito, ndipo mpaka lero sindinauiwale. Mkwati anali bambo wofedwa mkazi, mkwatibwi mtsikana wa mudzi woyandikana nawo. M'tchalitchi munali mdima, ndipo abusa anandiletsa fulashi, ati imasokoneza pemphero.

M'mawa mwake ndinapita kwa mkwati kukawaonetsa zithunzi pa kamera pomwepo. Pa chimodzi, kumbuyo kwa mkwatibwi kunali mayi wotuwa, khoma likuonekera m'thupi mwake, dzanja lili pa velo.

Azakhali a mkwati anandibwezera kamera ngati yawatentha. "Ni malemu aba. Abwela kuona nyumba yawo."

Mkwatibwi anamva. Anayamba kumanga katundu wake, nati m'nyumba imeneyo sagonamonso, akubwerera kwawo.

Za mizukwa ine sinditsutsa pagulu, koma kamera yanga ndimaidziwa. Ndinapukuta galasi, ndinasintha khadi losungira zithunzi, ndinajambula mbuzi pabwalo. Mbuzi inatuluka yokha, yopanda malemu. Ndinaopa kuti banja litha lisanayambe, ndipo cholithetsa ndi chithunzi changa.

Kenako ndinalowa m'nyumba, momwe munali mdima, n'kupempha mlongo wa mkwati kuti adutse mothamanga. Nditamujambula, anatuluka wotuwa chimodzimodzi. Ndinafotokoza kuti mumdima kamera imachedwa kutseka diso, ndiye wodutsa mwachangu amasiya mthunzi wokha.

"Nanga wamene anadutsa ni ndani?" anafunsa azakhali.

Ndinakulitsa chithunzi cha ukwati chija pang'onopang'ono mpaka chitenje chinayamba kuoneka: chachikasu, cha maluwa a mpendadzuwa. Mkwatibwi anasuzumira, n'kugwira pakamwa. "Ni amama!"

Anatuma munthu kukawaitana. Mayiwo atafika anaima patali, kuseri kwa nkhokwe, poti kwathu kuno mayi sayandikira mwamuna wa mwana wake.

"Velo inali kugwa," anatero chapansipansi. "Nenze kuthamanga kukonza, na kuthawa apongozi asanacheuke."

Azakhali anaseka mpaka misozi. Mkwatibwi anamasula katundu. Ine ndinalonjeza kuti chithunzi choipacho ndichifufuta pomwepo.

"Yayi adada, musafufute," anatero mayi aja, akadali kuseri kwa nkhokwe. "Pa vonse ivo, ni apo peka nili pamodzi na mwana wane."

Chithunzi chimenecho ndinakatsukitsa ku boma, chachikulu kuposa zonse.