Filimu Imene Ndinamasulira Pamaso pa Amai

Mpaka lero munthu akandiitana kuti tikaonere filimu ya ofufuza milandu yakupha, ndimayamba ndafunsa ngati inachokera m'buku. Akati inde, ndimakana. Ena amati ndine wovuta, ndipo sindiwatsutsa. Ndine wovuta ndithu, koma kuvutaku kuli ndi kumene kunachokera.

Kwathu kwenikweni n'kum'mawa, ku Katete. Atate anabwera ku Chinyunyu kudzafuna malo olima ine ndili kamtsikana, ndipo atamwalira amai anatsala pamunda womwewo. Ine ndinkaphunzitsa pasukulu ya pulaimale yapafupi. Amai ankagulitsa kandolo, mbatata ija, ndi nthochi m'mbali mwa msewu waukulu, pamzere umodzi ndi azimai anzawo. Zaka zonsezo beseni lawo linkakhala pakati pa mabeseni a anzawo, ndipo basi ikaima onse ankathamangira limodzi kumawindo.

Zinthu zinasokonekera chifukwa cha mbuzi. Mbuzi za bambo wina woyandikana nafe zinalowa m'dimba la amai kachitatu, n'kumaliza ndiwo zonse. Amai atapita kukadandaula, bamboyo anangowaseka. Amai anali ndi pakamwa, ine ndinatengera iwowo, ndiye pochoka anati, "Chabwino, mudzaona." Iwo ankanena zokasuma mlandu wa mbuzi, basi. Patapita milungu iwiri bamboyo anagwa kumunda. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo anamwalira asanafike naye ku Lusaka. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Mawu awiri aja anawatsata amai.

Palibe amene anabwera kudzawauza pamaso kuti ndinu mfiti. Zikanatero bwenzi zili bwino, tikanayankha. Koma pamaliro anawalanda mthiko mwaulemu, ati pumulani mwatopa. Kumsewu mabeseni anayamba kusuntha pang'onopang'ono, mpaka amai anatsala okha pansi pa chikwangwani. Kutchalitchi anthu ankapanikizana pa mabenchi ena, la amai lili ndi malo a anthu anayi. Amai, munthu wokonda kucheza, anayamba kuweruka kumsewu dzuwa lili pamutu, beseni lili lodzaza. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti beseni lija libwerere pamzere.

Ndinali ndi buku lachingerezi lothothoka chikuto, limene ndinalisunga kuyambira ku sekondale, ndipo ndinali nditaliwerenga kasanu ndi kawiri. Nkhani yake inali ya m'nyumba yaikulu kwa azungu. Bambo wolemera wafa atamwa tiyi wa poizoni. Onse akuloza nkhalamba yophika, poti dzulo lake inakangana naye n'kumuopseza. Kenako akubwera wofufuza, munthu wodekha, amene safunsa kuti wa nkhope yoipa ndani. Iye amafunsa kuti kapu anatsuka ndani, chitseko chinatsekedwa nthawi yanji. Pomaliza akusonkhanitsa onse m'chipinda chochezera, n'kuonetsa ndi umboni kuti wakupha ndi mphwake wa malemuyo, yemwe ankalira kuposa onse. Nkhalamba ija inalibe mlandu.

Tsiku lina mwini shopu ya pamphambano, amene ali ndi sola ndi tivi yaikulu yoonetsera mpira, ankandionetsa maina a mafilimu a pa fulashi imene anabwera nayo kuchokera ku Lusaka. Ndinangoona dzina la buku langa. Mumtima ndinati Mulungu wandiyankha. Anthu athu sungawauze mwachindunji kuti mwalakwa, amaumirira. Umawadutsira m'nkhani ya wina, aliyense adzigwire yekha. Tinapangana kuti aionetse Lamlungu masana tikaweruka kutchalitchi, ine ndidzamasulira.

Iye anandifunsa, "Ba Ticha, simuyamba mwaionera nokha?"

Ndinati, "Ndiionerenji? Nkhaniyi ndimaidziwa ngati njira ya kuchitsime."

Uchitsiru wanga unali pamenepo, ndipo ndimauvomera.

Ndinaitana azimai a kumsewu mmodzimmodzi, ngakhalenso namfedwa, mkazi wa malemu uja. Amai anakana kawiri. Anati, "Iwe, ndikakhala pati? Ukufuna anthu akathawe benchi m'shopu ya eni?" Ndinawanyengerera, ndinati ingobwerani, lero anthu achita manyazi. Anavala chitenge chawo chatsopano, n'kunyamula kampando kawo.

M'shopu munadzaza. Mawindo anatchinga ndi masaka chifukwa cha dzuwa, ndipo munkatentha koopsa. Amai anaika kampando kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ine ndinaima pambali pa tivi, buku lili m'chikwama, ndikudzimva kuti lero ndiye lero.

Kwathu filimu sitionera chete, aliyense amaponyapo mawu. Nyumba itaoneka, mai wina anafunsa kuti zipinda zonsezi amasesa ndani. Bambo wolemera atagwa pansi, kapu n'kusweka, wina anati, "Taonani, munthu wafa koma palibe wolira, palibe wotulutsa mipando panja. Akungoimaima, manja m'matumba. Amenewa ndi achibale?" Wofufuza atalowa ndi kabuku kake, mdala wina wowotcha makala anati, "Ameneyu ndiye sing'anga wawo. Wangosowa mchira ndi kalilole."

Anthu anaseka, koma ine ndinatsutsa. Ndinati, "Iai atate, ameneyu saombeza, amafufuza. Sanamizira munthu. Amene amuloze pomaliza ndiye wakuphadi, ndipo amuloza ndi umboni." Mawu amenewa ndinawanena katatu konse, mokweza, kuti aliyense awasunge. Sindinkadziwa kuti ndikudzikumbira dzenje.

Nkhalamba yophika itaoneka, ndinadabwa pang'ono. M'buku inali mai wonenepa, wolongolola, wokonda mphaka wake. M'filimu anaiika mumdima, yowonda, maso ali tong'o, kanyimbo koopsa kakulira pansi. Anthu sanachedwe. "Ndi ameneyo," anatero angapo nthawi imodzi. Ndinaona makosi awiri atatu akutembenukira kuchitseko, n'kubwerera msanga. Mumtima ndinati lozani, lozani ndithu, muchita manyazi pompano.

Filimu ili pakati, ndinaona kuti asintha zambiri. Mphwake uja anamusandutsa mnyamata wokongola, waulemu, n'kumupatsa bwenzi limene m'buku mulibe. Azimai anamukonda, wina mpaka anati mkamwini wotere ndiye wofunika. Nkhani ya kapu yotsukidwa, imene m'buku ndiyo mutu wa mlandu wonse, sinaoneke. M'malo mwake anaikamo magalimoto othamangitsana ndi kupsompsonana, moti azimai anaphimba kumaso ndi zitenge kwinaku akusuzumira. Ndinadzilimbitsa mtima kuti njira asintha, koma kofikira n'komweko. Kodi munthu angasinthe wakupha?

Nthawi inafika. Wofufuza anasonkhanitsa onse m'chipinda chochezera, n'kuyamba kuwazungulira mmodzimmodzi. Ataima pamaso pa mphwake uja, ine ndinakweza mawu, ndinati, "Tamverani bwino tsopano." Wofufuza anamugwira mnyamatayo paphewa, n'kumupitirira. Anatembenukira kuchitseko cha kukhitchini kumene kunaima nkhalamba ija, n'kuiloza ndi chala.

Chingerezicho ndinachimva ndekha anzanga asanadziwe. Nkhalamba inaseka kuseka koipa, n'kuvomera kuti inde ndinathira ndine, ndipo ndinadikira zaka zambiri.

"Ba Ticha, akuti chiyani?" anafunsa wina.

Ndinaganiza zonama, ndinene kuti akuipepesa. Koma apolisi analowa n'kuimanga unyolo, ndipo unyolo sufuna womasulira. Anthu anaomba m'manja.

Apo ndiye ndinapsa mtima. Ndinaima kutsogolo kwa tivi, ndinati, "Bodza ili! M'buku sizili choncho. Wakupha ndi mnyamatayu, nkhalambayi ainamizira. Asintha."

Namfedwa, amene sanalankhulepo chiyambire, anafunsa motsitsa mawu, "Ba Ticha, si inu munati ameneyu sanamizira munthu?"

Mdala wa makala anawonjezera, "Buku mwawerenga nokha, mwana wanga. Filimu taona tonse."

Ndinatulutsa buku, ndinapeza tsamba lake, n'kuyamba kuwerenga ndi kumasulira. Ndani ankamvera? Anthu anali atayamba kale kuimirira ndi kukutumula zitenge, aliyense akupereka maganizo ake. Wina anati filimu yabwino, yophunzitsa. Wina anati iye anadziwiratu poyamba pomwe, maso aja sanama. Mai amene ankafuna mkamwini uja anati bukulo likanakhala loona bwenzi filimu itaipa, mwana waulemu chonchija angaphe bwanji malume ake. Wina anayamba kuti, "Nkhalamba zokhala zokha izi," koma sanamalize, mnzake anamugunda ndi chigongono.

Mwini shopu anafuna kundiziziritsa. Anati, "Ba Ticha, musakwiye. Opanga mafilimu amasintha dala mathero, kuti amene anawerenga buku nawonso adabwe."

Kuti adabwe. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Munthu anakhala pampando wofewa kutali uko, buku labwinobwino lili m'manja mwake, n'kuona kuti nkhalamba yosalakwa sikoma, bola aipachike mlandu kuti anthu adabwe. Adabwe chiyani? Chodabwitsa n'chiti pamenepo? Kuloza nkhalamba yosauka ndi ntchito imene chitsiru chilichonse chimaidziwa, sifuna kamera. Wolemba buku anavutika masamba onse aja kuti aphunzitse anthu kudekha asanaloze chala, wina n'kubwera kudzafafaniza ndi kanyimbo koopsa ndi maso otong'oka. Ngati ankafuna nkhani yakeyake, bwanji sanapeke yake n'kuipatsa dzina lina? Ndinakwiyira opanga filimu, ndinakwiyira anthu oomba m'manja, koma kwambiri ndinadzikwiyira ndekha, mphunzitsi wathunthu wolowa m'kalasi asanakonzekere phunziro.

Nditayang'ana kuchitseko, amai panalibe. Kampando kawonso panalibe.

Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero, chitenge chatsopano atavula kale n'kuvala chakale. Ndinakhala pansi n'kuyamba kulalata, za opanga mafilimu, za mdala wa makala, za umbuli wa anthu. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera. Kenako anafunsa, maso ali m'lichero.

"M'buku mwakomo, atapeza kuti nkhalambayo sinaphe, anaipepesa?"

Ndinati, "Anaipepesa kumene," koma ndinamva ndekha kuti ndikungoyankha. Ndinatsegula buku kuti ndiwaonetse. Ndinawerenga kuchokera pamene wofufuza analoza mphwake uja mpaka tsamba lomaliza. Analemba za mnyamatayo akumutengera kundende. Analemba za amene anatsala ndi nyumba. Analembanso za wofufuza akukwera sitima kubwerera kwawo, anthu akumuthokoza. Za nkhalamba yophika panalibe ngakhale mzere umodzi. Kasanu ndi kawiri konse ndinawerenga buku limenelo, osaona kuti anangoisiya chiimire pachitseko cha kukhitchini.

"Sanalembe, amai."

"Nanga inabwerera kukhitchini, anthu n'kumadya zophika zake?"

"Sanalembenso."

Amai anatola kamwala m'nyemba n'kukaponya pabwalo. Anati, "Ndiye iwe unkafuna ukawaonetse chiyani anthu aja?"

Ndinalira, ine munthu wamkulu, ndipo amai ndiwo anandiuza kuti ndipukute kumaso ndikatunge madzi kusanade.

Mmawa mwake sanapite kumsewu, ndipo sanapitekonso. Titakolola anandiuza kuti akubwerera ku Katete kwa alongo awo, kumene anthu amawadziwa kuyambira ali mwana. Ndinakangana nawo masiku atatu, ndinati mukachoka anthu ati mwavomera. Iwo anati anthuwo anamaliza kale kuweruza, ndipo iwo atopa kudya okha. Beseni anandisiyira ine.

Tsiku lopita ndinawaperekeza kumsewu, tinaima pansi pa chikwangwani chija. Basi itafika ndinawakwezera katundu, iwo anakhala pawindo la mbali yathu. Azimai anathamangira kumawindo monga mwa masiku onse, akuitanira kandolo ndi nthochi, mabeseni ali m'mwamba. Pawindo la amai sipanafike beseni ngakhale limodzi.