Clemente ndi Madzi Oundana a Kudambo

Clemente Paulino anabadwa pa 3 Abrili 1957 m'mudzi wina wa ku Ntengo-Wambalame, kutsidya kwa malire a Malawi, kumtunda kumene mphepo ya Junyu imang'amba milomo, ndipo anamwalira komweko pa 21 Novembulo 2009. Anali mlimi wa kachewere. Mizere yake inkawongoka ngati wachita kuyala chingwe. Koma anthu akamamukumbukira sayamba ndi mizereyo. Amayamba ndi nsanje imene anali nayo pa mng'ono wake Avelino.

Mu 1981 boma linkalemba anyamata oti akagwire ntchito ku Alemanya ya kum'mawa, dziko la azungu kutsidya kwa nyanja. Abale awiriwa anapita limodzi kukaima pamzere ku Tsangano. Kunkafunika omaliza kwarta kalasi, ndiyo kalasi yachinayi. Clemente anali atalekeza m'kalasi yachiwiri, chaka chimene bambo awo anamwalira, kuti agwire khasu, ndipo khasu lomwelo ndi limene linasunga Avelino pasukulu. Abomawo anatenga wamng'onoyo. Wamkulu anabwerera kumudzi nsapato zili m'manja kuti zisathe.

Pa 18 Setembulo 1983 kunafika chithunzi. Avelino anaima pabwalo loyera mbee, atavala chijasi chofika m'maondo ndi chipewa chaubweya, m'manja atagwira chibumba choyera ngati ufa wonyowa, mano onse ali panja. Kumbuyo kwa chithunzicho analembako kuti kumeneko mvula imagwa itaundana kale, ndipo mtsinje umalimba moti anthu amauoloka nsapato zili kumapazi.

Mayi awo, a Serafina, anachikuta ndi pulasitiki n'kuchipachika pakhoma, pambali pa cha malemu amuna awo. Mlendo aliyense ankayamba waona chithunzicho asanapatsidwe madzi akumwa.

"Onani mwana wanga waima pamadzi," ankatero. "Petulo anayamba kumira. Uyu ayi."

Clemente ankalowa ndi thumba la kachewere paphewa, thukuta lili kamukamu.

"Tula apo," mayi ankamuuza. "Usatseke khoma."

Nkhondo itakwera mapiri amenewo, mseu unatsekeka, mchere unasowa, sopo anasanduka nthano. Anthu a mfuti akamveka kuti ali pafupi, mudzi wonse unkakagona kutchire. A Serafina miyendo inali itayamba kuwakana, choncho Clemente ankawabereka kumsana mpaka kuphiri. Koma asanakwere kumsanako ankayamba athothola chithunzi cha Avelino n'kuchibisa pachifuwa. Clemente ankachimva chikumukanda pakati pa mapewa ulendo wonse. Atawatula pansi pa thanthwe, iye akupumira m'mwamba, mayi ankausa moyo n'kuti, "Kaya wadya chiyani lero kumeneko."

Chimene Clemente ankafuna sichinali chachikulu. Ankafuna msomali wake pakhoma lija.

Mu Junyu 1986 m'mudzimo munafika munthu wina dzina lake Justino, wojambula zithunzi wa ku Furancungo, ku Macanga. Kanyumba kake kojambulira anakasiya kakuyaka, ndipo anathawa ndi makina ake pakhosi ndi mafilimu awiri m'thumba. Ankajambula anthu pomupatsa chakudya, filimu ikadzadza n'kuoloka malire kukaitsukitsa ku Ntcheu. Nyali ya makinawo inali yakufa, chifukwa mabatire kunalibe.

Clemente ankalidziwa dambo la bambo ake. Kumunsi kwake, kumene mphepo siyenda, chisanu chinkawaula masamba a kachewere usiku umodzi n'kuwasiya bii. Kangapo konse, polawirira, anali ataona madzi a m'mapazi a ng'ombe atachita kakhungu kolimba kamene kankasweka ndi chala. Ngati Avelino anachita kukwera ndege kuti akagwire madzi oundana, iye akawagwira pamunda pomwepo.

Madzulo ena mkazi wake Zefa anamupeza akutuluka ndi beseni lake lachitsulo.

"Beseni langa likupita kuti, abambo a Olga?"

"Kudambo."

"Likukalima?"

"Likukagona."

"Anzanu akuthawitsa mbuzi, inu mukugoneka beseni. Akaliba mudzandisambitsira m'chipewa chanu."

Analiika pamalo otsika kwambiri, pamwamba pa udzu wouma, n'kuthiramo madzi pang'ono. M'mawa mwake anapeza madzi okhaokha. Tsiku lina anapezamo chule. Mitambo ikaphimba, chisanu sichinkatsika, ndipo Clemente, amene moyo wake wonse ankapempherera kuti chisanu chilambalale munda wake, tsopano ankatukwana mitambo.

Pa 7 Julyu kunacha kopanda mtambo, udzu uli mbuu. M'beseni munali chinthu chozungulira, chosalala, chochindikala ngati chikhadabo cha ng'ombe kunsonga. Anathamanga kukadzutsa Justino. Anavala jekete limene anabwereka kwa mphunzitsi wa katekisimu, n'kutsetsereka naye kudambo, wojambulayo atafunda bulangeti mpaka kumutu.

Clemente analowetsa zala m'mbali n'kuchinyamula chonse, osasweka. Chinkaluma ngati moto.

"Jambulani, a Justino."

"Dikirani dzuwa. Makinawa mumdima saona."

"Dzuwa likatuluka ichi chithawa."

"Ndiye mwaitana mkamwini ndi apongozi ake kuti akhale pamphasa imodzi," anatero Justino akupukuta diso la makina ndi ngodya ya bulangeti. "Wina akamabwera, wina amapatuka. Ine nditani?"

"Inu jambulani basi."

"Filimu si masamba a nkhwani, achimwene. Ndikawononga apa, kwina ndikathyola kuti?"

Anadikira. Dzuwa linayamba ndi nsonga za mapiri, n'kumatsika pang'onopang'ono ngati nkhalamba yotsika pankhokwe. Justino, pofuna kumuiwalitsa zala, anayamba kusimba zimene anawerenga m'buku la a padiri, kuti kumathero a dziko kuli malo amene nthaka yonse ndi jelo, madzi oundana aja, ndipo anthu ophunzira amapita kukamukumba kuti adziwe za nyengo zakale.

"Avelino anafikako kumeneko?" anafunsa Clemente.

"Ayi, n'kutali kwambiri."

"Chabwino."

Madzi anayamba kutsikira m'mikono ya jekete la eni ake. Pamene kuwala kunafika pankhope pake, chozungulira chija chinali chitachepa m'mbali, koma chinalipo ndithu. Anachikweza pachifuwa, n'kuonetsa mano monga anachitira mng'ono wake. Makina analira kamodzi. Kenaka chinathyoka pakati n'kugwera mu udzu.

Justino anabwera nacho chithunzicho pa 29 Agosito, ndipo pochipereka maso ake anali kumbali. Clemente anaonekamo bwino lomwe, jekete ndi mano omwe. Manja anali otambasula, zala zopindika, koma pakati pake panalibe kanthu. Mabatani a jekete ankaoneka onse. Pathalauza panali chigamba chakuda cha madzi, pamalo oipa.

Zefa anachiyang'ana, n'kuluma nsalu yake, mapewa akugwedezeka.

"Jelo wanu anali wa madzi oyera ngati galasi," anatero Justino. "Kuwala kunangodutsa. Cha mng'ono wanu chija n'china, amati neve. Chimene chija ngakhale wakhungu achijambula."

"Bwanji simunanene?"

"Nanenso ndinali ndisanajambulepo jelo. Ku Furancungo ndinkajambula maukwati."

Komabe Clemente anatenga msomali ndi mwala n'kupita kunyumba ya mayi ake. A Serafina anachitengera pakhomo pomwe pali kuwala, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Ukupempha chiyani apa?"

"Sindikupempha, amayi. Ndagwira madzi oundana. A kwathu konkuno, a kudambo la abambo."

"Ine sindikuwaona. Koma jeketeli lakukhala."

Clemente anaika msomali pakhoma, kumanja kwa Avelino, n'kukweza mwala.

"Chotsa msomaliwo."

"Amayi, inenso ndine mwana wanu."

"Ndati chotsa. Khoma ili ndi la anthu amene sindiwaona. Atate ako ali kumanda, mng'ono wako ali kutsidya kwa nyanja. Iwe ukufuna upite kuti? Mfuti zili ponseponse, ndiye udzipachike wekha pamenepo? Ukachoka iwe, adzandibereka ndani?"

Zefa, amene anaima pakhomo, anamva mayi akuopa kutaya mwana. Clemente anamva zina: kuti iye ndi msana wobereka, ndipo Avelino ndiye mwana. Anaika msomali m'thumba n'kutuluka, ndipo chithunzi chake sichinakwerepo pakhoma limenelo.

Pa 11 Novembulo chaka chomwecho mudzi wonse unathawira ku Malawi, a Serafina ali kumsana kwa Clemente. Anamwalira ku Ntcheu pa 2 Mayu 1989, mutu uli pamiyendo yake, akufunsa ngati kwabwera uthenga wochokera ku Alemanya.

Avelino anabwerako mu 1990, ntchito itatha kumeneko, ndipo anawapeza kumsasa wa othawa nkhondo. Anali wowonda, akutsokomola, m'manja muli wailesi yaikulu. Atapita kumanda n'kubwerako, abale awiriwa anakhala pakhonde, ndipo Zefa, pofuna kuti aseke, anatulutsa zithunzi ziwiri zija n'kusimba nkhani ya beseni. Avelino anaseka mpaka chifuwa chinamugwira.

"Achimwene, mukadadziwa," anatero atapeza mpweya. "Chijasi chija sichinali changa. Ndinatuluka kanthawi kochepa, mnzanga n'kujambula, ine n'kuthawira m'nyumba ndikulira ndi zala. Zaka zonsezi ndakhala m'fakitale yopanda windo, ndikumanga mabawuti. Usiku ndinkalota kachewere wanu wootcha."

Clemente anatenga zithunzi ziwirizo n'kuziika pabondo, china pambali pa chinzake. Anaziyang'ana, kenaka anakankhira cha Avelino kwa mwini wake.

"Zonsezo ndamva," anatero. "Koma chako chinaoneka."