Tsiku Limene Anandikaniza Wenzulo

Ndinaganiza zopita ku Walale chaka chimene dzombe linagwa m'mudzi mwathu, kufupi ndi Mtenguleni. Linatera masana, ndipo pofika madzulo munda wa amayi unali mapesi okhaokha. Msonkho unali kudikira, ng'ombe zathu zinali zitapita pa ukwati wa mkulu wanga, ndipo ine ndinali ndi mtsikana, Veronika, amene kwawo sakanandipatsa chimanjamanja. Ndinawauza amayi ali pakhonde, akuswa mtedza wambewu.

"Zaka ziwiri zokha, amayi."

Sanadzutse mutu. "Onse amatero. Uzikalemba makalata, aphunzitsi azindiwerengera."

Tinanyamuka anthu asanu ndi mmodzi, wapansi, kudutsa m'dziko la Apwitikizi, mpaka kuwoloka Zambezi pabwato. Tinayenda pafupifupi mwezi. Ndinalembedwa ntchito pa mgodi wina wa golide, yokankha ngolo za miyala pansi pa nthaka. Poyamba zinkayenda. Ndinatumiza ndalama ya msonkho, bulangeti la amayi, ndi nsalu ya Veronika kudzera mwa munthu wobwerera kumudzi. Kalata ya amayi ikafika ndinkaiwerenga mpaka kung'ambika m'makwinya, ngakhale inkanena za mvula ndi za nkhuku basi.

Chaka chachitatu ngolo inandiphwanya bondo. Nditatuluka m'chipatala ndikutsimphina, anandipatsa ntchito yosesa holo ya m'komboni ndi kusunga mipira. Malipiro anatsika. Kenaka kunabwera kalata yoti Veronika wakwatiwa ndi kalipentala wa ku Boma. Ina inatsatira, yolembedwa ndi mlongo wanga Rozaliya, yoti amayi anatisiya. Inandipeza patapita miyezi itatu ataikidwa. Ndinalowa m'kachipinda ka mipira, ndinabwereka lezala, ndinadzimeta mutu ndekha. Anzanga amene ndinabwera nawo anali atabalalika kale, ena ku Joni, ena kumudzi. Ine ndinachita manyazi kubwerera ndi mwendo wopindika ndi sutikesi yopepuka, choncho ndinasiya kulemba makalata. Umo ndi mmene munthu amasandukira mtchona. Sachita kusankha tsiku.

Lamulungu lililonse m'komboni munali mpira. Matimu anali a mitundu: Anyasa, Andebele, Ashona, Alozi, ndipo masewera ambiri ankathera m'zibakera. Woimbira mpira anali kalaliki wachikulire, a Dube, amene maso awo anali atayamba kuchita mdima. Tsiku lina anandipeza ndikupopa mpira nandifunsa kuti, "Iwe Miti, utafa mawa, adzakulira ndani pano?"

"Palibe, madala."

"Basi, ndiwe amene ndimafuna. Tenga wenzuloyu."

Anandiphunzitsa malamulo kuchokera m'kabuku kopanda chikuto, ndipo mawu awo anali amodzi: pabwalo ulibe m'bale. Kwa ine zinali zosavuta, chifukwa ndinalibedi. Ndinaimba mpira zaka zisanu ndi zitatu. Anthu ankanditukwana m'zilankhulo zinayi, koma akafuna woimbira mpira wovuta ankaitana ine. Kunena zoona, maola awiri a Lamulungu amenewo ndi okhawo amene ndinkamva kuti ndine munthu. Mpira ukatha aliyense ankapita kwa anthu a kwawo kukamwa ndi kuvina, ine ndinkatolera mbendera n'kukadya ndekha.

Lero ndikadutsa pa mabwalo a ku Chipata ndimaona ana ovala nsapato za mpira, woimbira wawo ali ndi yunifolomu yakeyake. Sadziwa kuti mpira unayamba ndi anthu opanda nsapato, mizere yake ya phulusa.

Ndinabwerera nkhondo yaikulu ya Azungu itatha, pa lore yodzaza asilikali opita kwawo. Ku Boma, kumene nthawiyo tinkati Fort Jameson, kunali masitolo atsopano. Kumudzi, pamene panali nyumba ya amayi panali patayanga maungu. Rozaliya anandilandira ndi misozi, mlamu wanga anandipatsa kanyumba, ndipo anthu ankandipatsa moni waulemu umene amapatsa mlendo. Ana ankaseka ndikalankhula, chifukwa Chinyanja changa chinali chitasakanikirana ndi Chilapalapa cha kumigodi. Chitupa changa cha ntchito ya kumigodi ndinachisunga pansi pa sutikesi. Mumtima ndinkati ndikaona manda, ndikapuma pang'ono, ndibwerera.

Mwezi wokolola, mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi, a Sakala, anabwera kudzandiona. Anati sukulu zisanu ndi zitatu za m'midzi yozungulira zikukonza mpikisano wa mpira, koma chaka chathacho unathera panjira, akuluakulu atalowa m'bwalo ndi zibonga.

"Ife aphunzitsi sitingaimbe, aliyense ali ndi timu yake," anatero. "Tikupatseni anyamata asanu ndi mmodzi a m'kalasi lalikulu, muwaphunzitse. Tamva kuti ntchitoyi mumaidziwa."

Aka kanali koyamba chibwerereni kuti munthu andifune pa kanthu. Ndinavomera asanamalize n'komwe.

Tinali ndi masabata asanu, wenzulo mmodzi ndi wotchi imodzi, zonse zanga. Telala wina wa Chisilamu wosokera pakhonde la sitolo ku Boma, Che Asani, anatisokera mbendera kuchokera ku zidutswa za nsalu zofiira. Tinkakumana pabwalo la sukulu ana akaweruka. Lamulo la ofusayidi ndinkaliphunzitsa ndi zitsononkho pansi, zoyera timu ina, zofiira timu ina, mpaka mbuzi inatidyera goloboyi. Ndinkawathamangitsa cham'mbali ndi chafutambuyo kuti maso asachoke pa mpira. Ndinkawaimbitsa wenzulo mmodzimmodzi, ine nditaima kutali pansi pa mkuyu, ndipo ndikapanda kudzidzimuka ndinkati abwereze.

Malamulo anawagwira msanga, makamaka Lazaro, mwana wachiwiri wa Rozaliya, mnyamata wowonda wosalankhulalankhula, wa maso akuthwa. Vuto linali lina. Tsiku loyamba kuwayesa pa mpira weniweni, mkulu wake Gabiriyele, amene ankatchinga kumbuyo m'timu ya sukulu yathu, anagwetsa mnzake poyera. Lazaro anaika wenzulo pakamwa, anauzira pang'ono ngati akuziziritsa phala, kenaka anayandikira, nawerama, nati, "Pepani akulu, kapena mwina mwamugwetsa."

Ndinakalipa mpaka Chilapalapa chinatuluka. "Pabwalo ulibe mkulu wako! Imba mwamphamvu, loza chala, tembenuka!"

"Amalume," anatero motsitsa mawu, "mkulu wako salozedwa chala pagulu."

Onse asanu ndi mmodzi anali choncho. Uyu wosewera ndi msuweni wake, uyo ndi mwana wa atsibweni, winayo anavinira limodzi ngoma. Ndinayesa kuwagawa kuti aliyense aziimbira midzi yakutali ndi kwawo, koma a Sakala anangoseka. Anati kuchokera kuno mpaka ku Tamanda palibe mudzi umene sitinakwatireko. Ndinapitiriza kukalipa masabata onsewo. Wenzulo anayamba kumveka mpaka kudambo, koma chala palibe amene analoza. Ndinaganiza kuti ndalephera, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti mpira womaliza ndidzaimba ndekha.

Mpikisano unatenga masiku awiri. Anyamata a ku Tamanda anabwera wapansi, atagona panjira, atanyamula mbatata zowotcha. Amayi anakhala mbali imodzi ndi nthungululu zawo, abambo mbali ina pa timipando. Anyamata anga analakwitsa apa ndi apo, wina anaiwala kuyang'ana wotchi mpaka osewera anayamba kugwa ndi ludzu, koma chibonga sichinalowe m'bwalo. Otsala pomaliza anali sukulu yathu ndi ya kutsidya kwa mtsinje wa Lutembwe, omwe aja anamenyana chaka chatha.

Ndinavala kabudula wanga wa kumigodi, ndinapachika wenzulo m'khosi, ndinayenda kupita pakati. Ndisanafike, nkhalamba ina yakutsidya inadzuka. Anali a Mbewe, wosula makasu, wa makutu oboola, agogo a goloboyi wawo. Anabwera akununkhiza fodya, akumwetulira ndithu.

"A Miti, zikomo. Koma ife tapangana kuti atiimbire mnyamata uja wowonda. Tamuona masiku awiriwa."

"Sizingatheke, bambo. Mkulu wake akusewera. Ine ndilibe mbali."

"N'chimene chikutiopsa," anatero. "Mnyamatayo atate ake timawadziwa, amake timawadziwa, khomo lawo timalidziwa. Akatibera, manyazi adzakhala pakhomopo mpaka adzakwatire. Nanga inu mukatibera, mawa n'kukwera lore, tikakupezani kuti?"

Sanalankhule mwachipongwe. Koma ndinayang'ana kumbali ya mudzi wathu, ndipo palibe amene anatsutsa, ngakhale mlamu wanga. Ndinavula wenzulo, ndinamupatsa Lazaro, ndinatenga mbendera n'kukaima m'mphepete. Nkhope inkanditentha kuposa tsiku limene ngolo inandigwera.

Mpira unali wa chigoli chimodzi kwa chimodzi mpaka dzuwa litapendeka. Kutatsala pang'ono kutha, mnyamata wakutsidya anaumenya mwamphamvu, goloboyi wathu ali pansi. Fumbi linali tolotolo. Gabiriyele analumphira pamzere, mpira unabwerera m'bwalo, ndipo amayi a kwathu anaimba nthungululu poganiza kuti waumenya ndi chifuwa. Ine pamene ndinaima sindinaone bwino. Koma wenzulo analira, mokweza, kamodzi.

Lazaro sanaloze chala. Anayenda mpaka kwa mkulu wake, manja ali kumbuyo, naima pafupi.

"Akulu, dzanja."

"Waona iwe?" Gabiriyele anakuwa, mitsempha ya m'khosi itatupa.

"Ndaona, akulu. Inunso mukudziwa."

Amuna ena a kwathu anali ataimirira kale. Ndinaona Rozaliya atagwira pakamwa ndi nsalu. Kenaka Gabiriyele analavula pansi, anatola mpira, anayenda nawo yekha mpaka pa kadontho ka phulusa ka penate, naumenyetsa pamenepo. Amene anaimirira aja anakhala pansi mmodzimmodzi. Akutsidya anamenya penateyo, mpira unalowa, ndipo sukulu yathu inagonja.

Zimenezo sindinamuphunzitse ine. Ndikanakhala ine ndikanaloza chala n'kutembenuka, monga kumigodi, ndipo sindikudziwa ngati dzuwa likanalowa popanda magazi.

Pobalalika, a Mbewe anandipeza ndikukulunga mbendera. Anandipatsa fodya, ndinakana, anaseka.

"Mwawaphunzitsa bwino anawa, tisaname. Koma inu, a Miti, muzioneka. Chibwerereni kumaliro sitinakuoneni. Kudima sitinakuoneni. Munthu tingamupatse bwanji mlandu wathu tisanamuone atagwira khasu?"

Gabiriyele anatha sabata osalankhula ndi mng'ono wake, ngakhale Rozaliya ankawaikira dala chakudya m'mbale imodzi. Sabata lachiwiri ndinawaona akupita limodzi kukadula nsungwi, akukangana za ofusayidi. Masiku omwewo kunagwa maliro kutsidya kwa Lutembwe, a mayi wina amene sindinkamudziwa. Ndinatenga khasu la mlamu, ndinawoloka mtsinje ndi bondo langalo, ndipo kumanda amuna anasendera pang'ono kundipatsa malo. Ndinapitanso kumaliro kwina, ndi kwina. Ndinalima nawo, ndinafolera nawo nyumba, ndinakhala nawo pa milandu ya mbuzi yosatha. Mvula itagwa ndinapempha kamunda.

Chaka chotsatira ndinaphunzitsa anyamata ena, Lazaro akundithandiza, ndipo pomaliza ndinagwiranso mbendera. Wenzulo wa mpira womaliza anandipatsa chaka chachitatu. Tsiku limenelo ndinakana chigoli cha akutsidya, ndipo mayi wina wachikulire anaimirira nakuwa kuti bwalo lonse limve: "Iwe Kamdzeka! Unali wosaona kuyambira uli kubusa, ng'ombe zako zinkadya mapira athu!" Dzina langa limenelo ndinali ndisanalimve chichokereni ubwana. Anthu anafa nacho chiseko, mbali zonse ziwiri. Ine ndinayenera kutembenukira kumbali kaye, ngati ndikuyang'ana wotchi, ndisanayambitsenso mpira.