Masamba pa msewu wa ku Queensburgh

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi, amayi ananditenga pa ulendo wa ku Durban kukatenga bambo anga. Bambo ankasamalira maluwa panyumba ya mzungu wina ku Queensburgh, ndipo panali patapita zaka asanaponde kwathu ku Ntcheu. Amayi ena oyenda geni anatiuza kuti bambo akudwala chifuwa, awonda kwambiri, koma akukana kubwerera kumudzi chimanjamanja. “Mwina akakuona iweyo mtima ukafewa,” anatero amayi anga.

Mzindawo unandizunguza mutu. Misewu ina inkadutsa pamwamba pa inzake, nyumba zinali zazitali moti khosi linkawawa poziyang’ana, ndipo mpweya unali wotentha, womata pakhungu, wa fungo la mchere. Koma chimene chinandidabwitsa koposa n’chakuti anthu ankangopitirirana ngati anayambana dzulo, popanda ndi moni yemwe. Ine ndinali mwana wolongolola, ndiye amayi anali atandichenjezeratu: “Pakamwapo utseke. Ena kuno akamva Chichewa sakondwa.” Mu minibasi ndinangoti duu, mafunso akundiyabwa pakhosi.

Titatsika tinalowa mumsewu wa zii, wa mipanda italiitali, agalu akuuwa kuseri kwake. Amayi anaima pa geti la nyumba imene amayi a geni aja anawalongosolera. Pomwepo, m’mbali mwa msewu, panali nthambi zaziwisi zongodulidwa kumene, zina zitagwera paphula.

Kwathu munthu akamwalira, anthu amathyola masamba n’kuwayala pamsewu pafupi ndi nyumba ya siwa. Wapanjinga amatsika, wachipewa amavula, wagalimoto amachepetsa liwiro. Palibe mwana wosadziwa zimenezi.

Ndinadziwa kuti tachedwa. Chenjezo lija ndinaliiwala, ndinadzigwetsa pansi n’kuyamba kubuma: “Mayo ine! Ababa anga ine!” Amayi anayesa kunditseka pakamwa, koma nawonso anayamba kusisima, pakuti anali atawaona masambawo. Makatani a nyumba zoyandikana anayamba kugwedezeka. Galimoto ina inadutsa mwaliwiro n’kuponda nthambi imodzi, ndipo ine ndinapsa mtima kuti anthu akuno alibe ulemu ngakhale pa maliro.

Kenaka geti linatseguka. Anatuluka bambo, ali mu ovolosi yowakulira, chikwanje chili m’manja.

“Eish! Tadala? Amake Tadala, mwafika liti? Nanga mwanayu akulira chiyani?”

“Masambawa, ababa,” ndinayankha ndikusisima. “Ndimayesa ndinu.”

Bambo anayang’ana nthambizo, n’kuseka mpaka chifuwa chinawagwira. “Izi ndi zinyalala, mwana wanga. Ndadula ndine, lole ibwera kudzatola.”

Koma kusekako sikunakhalitse. Anaika chikwanje pansi, n’kukhala m’mphepete mwa msewu pafupi nane. Anandipukuta misozi ndi chala chokhakhala, chonunkha utomoni.

“Mnzanga amene ndinkagona naye chipinda chimodzi ku Mayville anamwalira mwezi watha,” anatero motsitsa mawu. “Wailesi ya m’chipinda choyandikana nafe sinazime. Ineyo m’mawa mwake ndinapita kuntchito.”

Anayang’ananso nthambi zija pamsewu. Atadzutsa mutu anafunsa kuti, “Amake Tadala, basi yakumudzi inyamuka liti?”

Tinabwerera limodzi. Bambo analandira mankhwala kwathu, anachira, ndipo anakhala zaka zambiri akundiseka pamaso pa alendo kuti ndine mwana amene analira zinyalala. Ine zinkandichititsa manyazi kwabasi.

Lero ndikumvetsa kuti mzinda uja sunali wouma mtima monga ndinkaganizira. Unali wosatidziwa basi. Bambo anapirira chifuwa, ntchito yowawa ndi kubisa chilankhulo chawo, ndipo akanapirirabe. Chimene chinawagonjetsa n’kuona maliro awo ali moyo, n’kupeza kuti mumzinda waukulu chonchija, owalira anali awiri okha, ndipo onse anali atangotsika basi.