Nyimbo ya ku Joni pa Maliro a Akatekisiti

Ndinayambitsa ndine, ndipo sindikukana. Wofuna kunditukwana anditukwane, koma adziwe kuti nyimbo ija inali yokoma, ndipo ngakhale ansembe anaikonda miyezi iwiri yathunthu.

Tinali chaka choyamba pa sukulu ya uphunzitsi ya ku mishoni, kumtunda kuno kwa Dedza, Chitaganya chitangoyamba kumene. Kuzizira kwake si kwamasewera. Mwezi wa Juni nkhungu inkagona pabwalo mpaka dzuwa litakwera, ife n'kumapita ku Misa ya m'mawa titafunda mabulangeti, mapazi atachita dzanzi, milomo itang'ambika. Tikatuluka m'tchalitchi phala, tikamwa phala kalasi, tikaweruka kumunda. Mawa lake zomwezo. Munthu wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ukamusunga chotero, mutu wake umayamba kufuna ntchito ina.

Pakati pathu panali mnyamata wa kumudzi wina kufupi ndi malire a kwa Apwitikizi, amene ankaimba limba m'tchalitchi. Limbalo linali lakale, lopondera ndi mapazi kuti mpweya ulowe, ndipo likatopa linkapuma ngati nkhalamba ya chifuwa. Mnzangayo anali wofatsa, wopemphera zenizeni, osati ngati ine amene ndinkagwada chifukwa ena agwada. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Mayi ake ankalima kachewere, ndipo banja lonse linkadikira tsiku loti adzabwere ndi satifiketi ya uphunzitsi. Khutu lake linali loopsa: angomva nyimbo kamodzi, zala zake zaigwira kale.

Loweruka lina tinamva kuti galimoto ya kanema yafika pa Boma. Lamulo la sukulu linkaletsa wophunzira kupezeka ku zotero. Ndinamunyengerera kuyambira m'mawa.

"Akukaonetsa za kalimidwe ka mizere, iwe. Mizere ndi tchimo?"

"Nanga bwanji osapempha chilolezo?"

"Chilolezo amapempha ndi anthu ofuna kukanizidwa."

Tinabwereka njinga ya abambo otiphikira, ine wopalasa, iye pakaliyala akupemphera Korona chamumtima. Tinapeza atamanga kale chinsalu choyera pamitengo iwiri, ndipo podikira kuti kude ankaika mbale za galamafoni pa chimkuzamawu kuti anthu asonkhane. Mbale ina inali ya ku Joni, ya kachitoliro ndi gitala, yothamanga ngati mbuzi yodula chingwe. Ana anavina mpaka fumbi kobo. Mkulu wina wachisilamu wa sitolo ya pamsewu ankagwedeza mutu ali pakhonde, kofia ikupendama. Mnzanga sanavine. Anangoima, maso pansi, koma ndinaona zala zake zikuyenda pantchafu.

Kanemayo tinangoonako pang'ono: munthu wa chipewa akuthawa wapolisi n'kugwera mu mgolo wa madzi. Tinabwerera mothamanga kuti belu la mapemphero a madzulo lisatipeze panjira.

Lolemba masana inali nthawi yanga yosesa m'tchalitchi, iye akuyeserera nyimbo za Lamulungu. Ndinatsamiritsa tsache pabenchi.

"Taiyesa ija."

"Iti?"

"Usandipusitse. Zala zako ndinaziona."

Analoza kanyali kofiira ka kuguwa. "Muno muli Ambuye, iwe."

"Ndiye uwaimbire mwaulemu. Pang'onopang'ono, ngati munthu wosenza mtanda."

Anaseka, n'kundiuza kuti ndidzapsa. Kenako anaponda. Anaichedwetsa nyimboyo mpaka inasanduka chinthu china, chachisoni, chokoka mtima. Ine ndemwe amene ndinabwera kudzaseka, tsitsi linandiimirira. Sitinamve chitseko. Titacheuka tinaona ansembe aakulu a sukulu, mzungu wa ndevu zoyera amene anakhala kuno kuyambira ife tisanabadwe, ataima pakati pa mabenchi.

"Mwana wanga, nyimbo iyi yachokera kuti?"

Mnzanga anatsegula pakamwa, koma ine ndinamutsogolera. "Waipeka yekha, Bambo. Zimamubwerera akamapemphera."

Ansembe anamusanjika dzanja pamutu. "Mulungu wakupatsa mphatso. Uziimba nthawi ya Komunyo."

Zinayamba choncho. Lamulungu lililonse anthu ankayenda pamzere kupita kuguwa, manja atapinda, nyimbo ya kachitoliro ikuwaperekeza. Amayi a kumidzi anayamba kuing'ung'udza kudimba. Ine ndinkaluma bulangeti kuti kuseka kusamveke, misozi ili chuchuchu, ndipo sisitere wina anandiyamikira kuti ndayamba kukhudzidwa ndi Misa.

Mnzanga yekha ndiye ankawonda. Loweruka ankaima pamzere wa kulapa, ikayandikira nthawi yake n'kuchokapo, chifukwa wokhala m'kanyumba kolapirako anali ansembe omwe aja. Analeka kulandira Komunyo. Palibe anazindikira, poti nthawi imeneyo amakhala ali palimba.

"Kaulule, chonde," anandiuza tsiku lina tikupalira kabichi. "Ine sindikugona."

"Ndiulule chiyani? Ndinaimba ndine?"

"Bodza linali lako."

"Bodza langa, nyimbo yako, madalitso a ansembe. Tonse tapindula."

Anangopitiriza kupalira, khasu likugunda miyala.

Mu Ogasiti, mphepo ija yowaza fumbi itayamba, anamwalira akatekisiti akale a pamishoni, munthu amene anaphunzitsa katekisimu pafupifupi aliyense wa m'midzi yozungulira. Mwana wawo wamwamuna anali atabwerako ku migodi ya ku Joni kudzawadwazika. Anali munthu wa chipewa chotambalala ndi galamafoni yakeyake, wosaponda m'tchalitchi, n'chifukwa chake nyimbo yathu anali asanaimve. Ansembe anauza mnzanga kuti bokosi likamatuluka aimbe nyimbo yake ija, chifukwa malemuwo ankaikonda.

Tchalitchi chinadzaza mpaka panja. Misa itatha, amuna asanu ndi mmodzi ananyamula bokosi, mwana wa malemu ali kutsogolo. Limba linayamba. Anayenda mapazi angapo, kenako munthu uja anaima, ndipo onse onyamula anaima naye. Anapendeketsa mutu ngati nkhuku yomva kabawi.

"Tsitsani," anatero.

Anatsitsa bokosi pakati pa tchalitchi.

"Bambo, nyimbo iyi ndikuidziwa ine. Imaimbidwa m'nyumba za mowa ku Joni, anthu ataledzera, akazi akuvina nsalu zili m'mwamba. Bambo anga akutumikirani moyo wawo wonse, lero mukuwaperekeza kumanda ndi nyimbo ya kumowa?"

Limba linasiya, n'kutulutsa kampweya kake komaliza kaja. Kumbuyo, kumene kunakhala amuna ena obwera kumigodi, wina anapsitika, kuseka kutamupulumuka. Sindibisa, nanenso ndinapsitika. Kenako mayi wamasiye anayamba kulira kulira kwina, kosiyana ndi kwa m'mawa, ndipo amayi onse anamulandira. Bokosi linatuluka popanda nyimbo iliyonse. Kumanda anthu sankayang'ana dzenje, ankayang'ana mnzanga, amene anaima patali yekha, malaya akukupizidwa ndi mphepo.

Mawa lake mwana wa malemu anabwera ndi galamafoni yake ku nyumba ya ansembe. Tonse tili m'kalasi tinamva kachitoliro kakuthamanga kuchokera pawindo la ofesi, ndipo panalibe woseka. Kenako anatiitana awirife.

Mnzanga anangofika n'kugwada. Ine ndinalankhula ndili chiimire.

"Ndine, Bambo. Ndinamutengera ku kanema ndine, ndinamuuza kuti aimbe ndine, bodza lija ndinanena ndine."

"Ndikudziwa kuti ndiwe," anatero ansembe. Maso awo anali ofiira. "Iwe ndiwe chitsiru, ndipo chitsiru nthawi zina chimakula n'kukhala munthu. Koma uyu ankadziwa kumene wakhala. Miyezi iwiri, pamaso pa guwa, osandiuza. Tsopano ndi mudzi uti udzamupatse ana ake kuti awaphunzitse?"

"Ndiye mutichotse tonse."

"Iwe anthu sanakuone. Anaona uyu."

Ndinayesa kunena kuti nyimbo ilibe fuko, kuti iwo omwe anati ndi mphatso ya Mulungu. Anangokweza dzanja. Kenako anauza mnzanga kuti alongedze, azipita kwawo. Ine anandipatsa zikoti zisanu ndi chimodzi ndi chibalo chozula chitsa cha bulugamu kuseri kwa khitchini, osalowa m'kalasi mpaka chitagwa.

Zikotizo zinapeza ndavala makabudula awiri, pakati pake pali kope la masamu, ndipo ndinakuwa mokwanira kuti aphunzitsi okwapulawo asakayike. Chitsa ndiye chinali chabwino. Pofika tsiku lachiwiri dzenje linali landifika m'chiuno, mphepo yonse ikudutsa pamwamba, ine ndasonkha kamoto pakona n'kumaotcha kachewere amene abambo otiphikira ankandiponyera.

Tsiku lomwelo mnzanga anadutsa, bokosi lake lamatabwa lili pamutu, bulangeti atalimanga pamwamba. Njira ya kwawo inkadzera pamenepo. Anaima pamphepete pa dzenje.

"Mayi ako ukawauza chiyani?" ndinamufunsa.

"Zoona."

"Ukanene kuti ndine. Anditemberere ine, sizindigwira."

"Ndinaimba ndine."

Ndinamupatsa kachewere awiri otentha kuti adye panjira. Analandira, n'kuika m'thumba la malaya. Ndinaganiza kuti anditukwana, ndipo zikanandikomera, koma anangoti dzulo analapa ndipo wagona bwino koyamba. Anatsika chitunda, ndikuona bokosi lokha likuyenda pamwamba pa udzu mpaka linabisika m'mitengo ya paini. Ndinamva pambuyo pake kuti akulima ndi mayi ake, ndipo kutchalitchi cha kwawo amakhala benchi ya kumbuyo. Kumeneko kulibe limba.

Anzanga amati ndiyenera kuchita manyazi. Ndayesapo, koma ndikangokumbukira nkhope ya munthu uja akupendeketsa mutu, bokosi lili paphewa, manyazi amathawa.

Chitsa chinali choti n'kugwa masiku anayi. Ine ndinachisunga masiku asanu ndi anayi, ndikudula muzu umodzi m'mawa, wina madzulo. Chitagwa, ansembe anabwera kudzaona, manja ali kumbuyo, n'kundifunsa ngati ndaphunzirapo kanthu.

"Ndaphunzira, Bambo," ndinatero ndikupukuta khasu. "Kodi kulibe chitsa china? M'kalasi mukuzizira."